Wachigololo akalapa, kodi nkhani yathera pomwepo?

Nasibeko
Abale, ndili ndi dandaulo, ndipo ndikufuna odziwa Malemba andiyankhe ndi ndime, osati nkhani za pa bawo. Mlandu wa chigololo ukafika ku mpingo, ndime zimene zimatuluka ndi ziwiri zokha. Wochimwa amamuwerengera Yohane 8, yoti amene alibe tchimo ayambe kuponya mwala. Wolakwiridwa amamuwerengera Mateyu 18, yoti akhululuke maulendo 70 kuchulukitsa ndi 7. Akatero amatseka ndi pemphero n'kuwauza kuti kazipitani kunyumba. Pakatha mwezi, amene akuoneka wouma mtima ndi wolakwiridwa uja, chifukwa sakuseka. Kodi Baibulo limaphunzitsadi zimenezi? Munthu akalapa, zotsatira za tchimo lake zimafufutika? Nanga kukhululuka ndi kubwerera kuchipinda n'chinthu chimodzi?

Tsokonombwe
Mulungu akakhululuka wakhululuka, amayi. Salimo 103:12, kutalikirana kwa kum'mawa ndi kumadzulo. Ife ndife yani kuti tizisunga kaundula?

MkuluWaMpingo58
A Tsokonombwe, ndime mwatchulayo ndi yoona, koma tsegulaninso 2 Samueli 12 muwerenge vesi 13 ndi 14 mosalumpha. Davide atavomera kuti wachimwira Yehova, Natani anamuyankha pomwepo kuti tchimo lake lachotsedwa ndipo safa. Chikhululukiro chinabwera msanga, chathunthu, popanda nsembe ngakhale ya nkhunda. Koma asanatseke pakamwa, mneneri yemweyo anawonjezera kuti mwana wobadwayo adzafa. Ndipo mawu a vesi 10 mpaka 12 sanabwezedwe ayi: lupanga silidzachoka pa nyumba yako, choipa chidzabuka m'banja lako lomwe, ndipo zimene unachita mobisa zidzachitika dzuwa likuswa mtengo.

Tsono pitirizani mitu ya patsogolo. Mwana anafa tsiku la 7. Aminoni anagwirira mlongo wake Tamara, ndipo Davide anangopsa mtima osachitapo kanthu. Bambo wa mbiri yotere akanadzudzula mwana wake ndi nkhope iti? Patapita zaka 2 Abisalomu anapha Aminoni. Kenako analanda ufumu, n'kugona ndi akazi aang'ono a bambo ake mu hema amene anam'manga pa denga la nyumba yachifumu, Aisraele onse akuona. Denga ndi pamene zonse zinayambira. Amene anapereka uphungu umenewu ndi Ahitofeli. Onani 2 Samueli 11:3, Batiseba ndi mwana wa Eliamu. Onaninso 23:34, pali Eliamu mwana wa Ahitofeli. Ngati Eliamu ameneyu ndi mmodzi, ndiye kuti phungu amene anatembenukira Davide anali agogo ake a Batiseba. Mlandu suwola.

Ngakhale 1 Mafumu 15:5, poyamikira moyo wonse wa Davide, imamaliza n'kuti kupatula nkhani ya Uriya. Mateyu 1:6 polemba mzere wa makolo a Yesu satchula dzina la Batiseba, amangoti mkazi wa Uriya. Mulungu sanamusungire Davide mlandu, koma mbiri sanaifufute.

Choncho amayi Nasibeko, pali zinthu zitatu zimene timaziphika mu mphika umodzi. Mlandu pamaso pa Mulungu umatha tsiku lolapa. Zotsatira zimayenda ulendo wawo. Kukhulupirirana kumachita kumangidwanso, njerwa imodzi imodzi.

Namasina
Bola mwayamba ndi Davide osati Batiseba. Pa guwa timamva kawirikawiri kuti amayi musamasambe poonekera ngati Batiseba. Werengani 2 Samueli 11:2 bwinobwino. Amene anali pa denga ndi Davide, ndipo anali pamenepo nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, asilikali ake ali pa Raba. Vesi 4 ikuti anatuma amithenga n'kukamutenga. Mkazi wa msilikali akanakana bwanji mfumu? Vesi 27 ikuti chimene Davide anachita chinaipira Yehova, osati chimene anachita awiriwo. M'fanizo la Natani mayiyu ndi kamwana ka nkhosa kolandidwa.

Kadziwotche
Ndiye mayiyo analibe pakamwa?

Namasina
Pakamwa anali napo, achimwene, koma mawu ake amene analembedwa m'mutu wonsewo ndi uthenga umodzi wokha, woti ali ndi pakati. Zina zonse mukuwonjezera ndinu.

Mphunzitsi_wa_Chigiriki
Ndilowepo pa Yohane 8, popeza ndi imene imagwiritsidwa ntchito molakwika koposa.

Lamulo limene Afarisi ankatchula lili pa Levitiko 20:10 ndi Deuteronomo 22:22. Malo onse awiri akuti aphedwe onse, mwamuna ndi mkazi. Iwo akuti tamugwira ali mkati mochita. Ngati anamugwira ali mkati, mwamunayo anamuona. Ali kuti? Mlandu unali wopunduka usanayambe.

Pali zinanso. Deuteronomo 17:6-7 imafuna mboni 2 kapena 3, ndipo mbonizo ndi zimene zimayamba kuponya miyala. Ndiye Yesu ponena za woyamba kuponya mwala sankathetsa lamulo, ankaitana mboni kuti zionekere n'kusenza magazi a munthuyo. Deuteronomo 19:16-19 imati mboni yonama ilandire chilango chimene imafunira mnzake. Palibe anaima.

Msampha wake unali wotere: akati muponyeni miyala, akamunenera kwa Aroma, paja Yohane 18:31 ikusonyeza kuti Ayuda sankaloledwa kupha munthu. Akati musiyeni, amunena kuti akuphwanya Mose.

Ndipo mawu omaliza kwa mayiyo ali ndi mbali ziwiri: sindikutsutsa, ndiponso usakachimwenso. Yesu sanati palibe chachitika. Chinanso chimene anthu saona n'chakuti mwamuna wake wa mayiyo mulibe m'nkhaniyi. Palibe pamene Yesu akulamula wolakwiridwa kuti amulandire kunyumba madzulo omwewo. Ndimeyi imaletsa gulu kupha ndi kuchititsa manyazi. Za kubwererana m'banja sikunenapo chilichonse.

Tsokonombwe
Koma ena amati nkhaniyi siyinalimo n'komwe m'Baibulo.

Mphunzitsi_wa_Chigiriki
Akunena za mipukutu. Yohane 7:53 mpaka 8:11 mulibe m'mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki, monga P66 ndi P75 ya cha m'ma 200, komanso Sinaiticus ndi Vaticanus ya zaka za m'ma 300. Imapezeka mu Codex Bezae wa cha m'ma 400, ndipo mipukutu ina inaiika pambuyo pa Luka 21:38. N'chifukwa chake Mabaibulo ambiri a masiku ano amaiika m'mikutiramawu kapena kulembapo mawu a m'munsi. Augustine ankaganiza kuti amuna ena a chikhulupiriro chochepa anaichotsa poopa kuti akazi awo apezerapo danga. Kaya anali wolondola kaya ayi, taonani kuti mantha ake ndi akalekale. Mipingo yonse ikuluikulu imaiwerenga ngati Malemba, ndipo phunziro lake silitsamira pa ndime imodzi. Pa 1 Akorinto 6:9-11 Paulo akutchula achigololo pakati pa amene sadzalowa mu ufumu, kenako n'kuti ena a inu munali otere, koma munasambitsidwa.

KatekisitiWaKuMudzi
Kungokonza pang'ono, lamulo loletsa chigololo ena pano amalitchula lachisanu ndi chiwiri pa Malamulo Khumi. Kwathu ku Chikatolika ndi lachisanu ndi chimodzi.

MkuluWaMpingo58
Tonse tikunena Eksodo 20:14, a Katekisiti. Akatolika ndi a Lutheran amaphatikiza la milungu ina ndi la mafano kukhala limodzi, n'kugawa pawiri la kusirira. Ife timagawa loyambalo n'kusiya la kusirira lili limodzi. Onse amakwana 10.

KatekisitiWaKuMudzi
Ndiye kagawidwe kathu kali ndi ubwino wake. Kusirira mkazi wa mnzako kumakhala lamulo palokha, osasakanikirana ndi kusirira bulu wake.

Kadziwotche
Ine funso langa ndi Numeri 5. Madzi owawa aja si mwavi umenewo?

Mphunzitsi_wa_Chigiriki
Zimafanana pongoyang'ana, koma zimasiyana pa chinthu chachikulu. Pa Numeri 5:11-31 mwamuna akukayikira mkazi wake koma mboni palibe. Amapita naye kwa wansembe atatenga ufa wa barele, gawo limodzi mwa magawo 10 a efa, pafupifupi malita 2, wosathira mafuta kapena lubani. Wansembe amatunga madzi opatulika m'chiwiya chadothi, n'kuthiramo fumbi la pansi pa chihema, n'kulemba matemberero n'kuwatsukira m'madzimo, mkaziyo n'kumwa. Madzi, fumbi ndi inki sizipha munthu. Pamafunika dzanja la Mulungu kuti wolakwa aoneke. Mwavi ndi khungwa la poizoni, pamafunika mwayi kuti wosalakwa apulumuke. Ku Malawi kumwetsa mwavi kunaletsedwa ndi lamulo la 1911. Ndipo mwambo wa pa Numeri unkafuna chihema ndi wansembe wa fuko la Aroni, zimene lero kulibe. Aliyense womwetsa mkazi madzi odalitsidwa kuti aulule chibwenzi akungochita zake.

Gogo_wa_Mvano
Nanga mdulo, ana anga? Makolo ankati mwamuna akayenda njira mkazi ali ndi pakati kapena mwana ali wakhanda, amadula a m'nyumba. Mkazi naye akazembera n'kuthira mchere m'ndiwo, amadula mwamuna. Si zomwezo za mwana wa Davide?

Namwino_wa_usiku
Agogo, mwana wotupa miyendo ndi nkhope, tsitsi lofiirira, kawirikawiri ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Wamkulu wotsokomola magazi n'kumaonda akayezetse TB ndi HIV. Choopsa pa mawu oti tsempho n'chakuti banja limathera masabata kufunafuna amene wadula mwana m'malo mothamangira kuchipatala. Koma mfundo ya makolo yoti chigololo cha mmodzi chimagwera osalakwa a m'nyumba, imeneyo ndiye yoona mpaka lero. Njira yake ndi matenda ndi ndalama za ndiwo zothera kwina.

MkuluWaMpingo58
Ndipo tisasandutse imfa ya mwana wa Davide kukhala lamulo. Kumeneko mneneri anachita kunena. Yohane 9:3 Yesu anakana kuti khungu la munthu uja linachokera ku tchimo la makolo ake, ndipo Ezekieli 18:20 ikuti mwana sasenza mphulupulu ya atate wake. Kuuza mayi wofedwa kuti ndi chigololo chako chapha mwanayu ndi nkhanza yopanda ndime.

Nasibeko
Mwandithawitsira nkhani ku mwavi. Funso langa lachitatu lidakalipo. Wolakwiridwa akati ndakhululuka koma banja latha, wachimwa?

Mphunzitsi_wa_Chigiriki
Mateyu 5:32 ndi 19:9 ndi pamene pali mawu opatula. Yesu akuletsa kusudzula, kupatula pa chifukwa cha porneia. Liwu limeneli ndi lotambalala, limakhudza dama la mtundu uliwonse. Liwu lenileni la chigololo ndi moicheia, ndipo onse awiri ali m'vesi imodzi. Mkangano wa mipingo wagona pamenepo. Funso la Afarisi pa 19:3, loti pa chifukwa chilichonse, linachokera pa mtsutso wa aphunzitsi awo pa Deuteronomo 24:1. A sukulu ya Shammai ankati dama lokha, a sukulu ya Hillel ankati ngakhale kupsereza chakudya.

Onani kuti Yesu akuloleza, sakulamula. Pa Marko 10:11 akuwonjezera chinthu chimene omvera ake sanazolowere: mwamuna wosiya mkazi n'kukwatira wina akuchita chigololo molakwira mkaziyo. Kale chigololo chinkaonedwa ngati kulakwira mwamuna mnzako, mwini mkazi. Yesu akuti mkazi naye amalakwiridwa. Amene amati mwamuna ndi tonde azinunkha, ayambe akangana ndi vesi imeneyi.

Za kusudzula popanda kubwezera, chitsanzo ndi Yosefe pa Mateyu 1:19. Akuganiza kuti Mariya wamuzembera, ndipo akutchedwa wolungama pamene akukonza zomuleka mwakachetechete, osamuchititsa manyazi.

MkuluWaMpingo58
Ku mbali ya Chipresibiteriyani, Chivomerezo cha Westminster cha 1646, mutu 24 ndime 5, chimanena poyera kuti chigololo chikachitika m'banja, wosalakwayo ali ndi ufulu wosudzula, ndipo pambuyo pake angathe kukwatira kapena kukwatiwa ngati kuti wolakwayo anafa. Ndime yotsatira imawonjezera kuthawidwa mwadala kosatheka kukonza, kuchokera pa 1 Akorinto 7:15, ndipo imati nkhani iyende m'dongosolo la poyera, anthu asangodziweruzira okha.

KatekisitiWaKuMudzi
Kwathu n'zosiyana, ndipo ambiri amangomva theka. Ukwati wa obatizidwa umene unamangidwa moyenera, awiriwo n'kukhalira limodzi monga banja, suthetsedwa ndi munthu aliyense, imfa yokha. Imeneyo ndi kanoni 1141 ya malamulo a Mpingo a 1983. Koma kanoni 1152 imapereka njira. Imayamba ndi kulimbikitsa wolakwiridwa kuti akhululuke chifukwa cha chikondi ndi ubwino wa banja. Ikatero imati ngati sanalolere tchimolo, ali ndi ufulu wosiya kukhalira limodzi. Ufuluwo umatayika pa zifukwa zitatu: ngati anavomereza chigololocho, ngati ndiye anachichititsa, kapena ngati nayenso anachita chigololo.

Pamene anthu amapunthwa ndi apa. Akadziwa za chigololocho n'kupitiriza kukhala malo amodzi mwa kufuna kwake, lamulo limatenga kuti walolera. Akakhala miyezi 6 m'nyumbamo osakadandaula kwa akuluakulu a Mpingo kapena a boma, limaganiziranso chimodzimodzi. Ndipo akachoka yekha, ayenera kukatula nkhaniyo kwa akuluakulu a Mpingo isanathe miyezi 6. Kupatukana kumaloledwa, kukwatiranso ayi, monga pa 1 Akorinto 7:11.

Tsokonombwe
Nonsenu mukuiwala Hoseya. Mulungu anamuuza kuti akamutengenso Gomeri, mkazi wake wachigololo. Nkhani yatha.

Namasina
Werengani mutu 3 wonse, achimwene, uli ndi mavesi 5 okha. Anamuwombola ndi masekeli 15 a siliva ndi muyeso umodzi ndi theka wa barele. Kenako vesi 3: ukhala masiku ambiri osachita dama, osakhala ndi mwamuna, inenso chimodzimodzi. Ngakhale Hoseya anaika nyengo yodikira asanabwerere kuchipinda. Komanso limeneli linali lamulo kwa mneneri mmodzi kuti akhale chizindikiro kwa Israele. Yesaya anauzidwa kuyenda wopanda zovala ndi nsapato zaka 3, bwanji imeneyo simuilalikira kuti tonse titsatire? Ndipo Mulungu yemweyo pa Yeremiya 3:8 akuti anapatsa Israele kalata yachisudzulo chifukwa cha chigololo, kenako pa vesi 12 n'kumuitana kuti abwerere, koma vesi 13 ikuti avomere kaye mphulupulu yake.

Nkhoswe_Yokalamba
Ine ndinene za kayendetsedwe kake, chifukwa mabanja ambiri amene akanapulumuka amafera m'manja mwa ankhoswe ndi akulu a mpingo othamanga.

Tsiku loyamba si lokhululukirana. Ndi loonetsetsa kuti palibe womenyedwa kapena wodzipweteka. Miyambo 6:34 ikuti nsanje ndi ukali wa mwamuna, ndipo vesi 35 ikuti salandira dipo ngakhale muchulukitse mphatso. Ngati m'nyumba mwatentha, mmodzi akagone kwa abale masiku angapo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akudziwa.

Kenako mumve aliyense payekha musanawakhazike pamodzi. Nkhoswe ya kuchimuna ndi ya kuchikazi zikhalepo zonse. Mukayamba ndi bwalo la anthu 12, wolakwa amakana poteteza nkhope yake, ndipo akakana pagulu kubweza mawu kumavuta. N'chifukwa chake Mateyu 18:15-17 imayamba ndi awiri, kenako mboni 1 kapena 2, mpingo pomalizira.

Kuulula kukhale kamodzi ndi kokwanira: ndi yani, kuyambira liti, pali mwana kapena mimba, ndalama zingati zinapita, pali ngongole kapena katundu wogulidwa m'dzina la winayo. Chimene chimapha banja ndi kuulula modontheza. Lero akuti kamodzi kokha, mwezi wamawa kwatulukira nyumba ya lendi, kenako mwana wa zaka 3. Chilichonse chotulukira mochedwa chimabweza wolakwiridwa pa tsiku loyamba. Koma za m'chipinda, zoti munkatani ndipo kangati usiku umodzi, nkhoswe iletse. Zimenezo sizichiritsa, zimangokhala zithunzi m'mutu.

Chibwenzi chithe pamaso pa mboni, ndi uthenga umodzi waufupi umene wolakwiridwa wauona. Osati kukatsanzikana kokumana awiri. Ngati amagwira ntchito limodzi kapena ali m'kwaya imodzi, wina asunthe. Mapanga awiri avumbwitsa.

Pomaliza muike masiku obwerezanso kukumana, mwina pakatha mwezi umodzi, miyezi 3, ndi miyezi 6. Ankhoswe ambiri amathera pa tsiku logwirana chanza, chonsecho mkwiyo weniweni umabwera alendo atapita.

Kulapa koona mumakuzindikira ndi 2 Akorinto 7:10-11. Chisoni cha dziko chimalira chifukwa chagwidwa, chimati nawenso unkandimana, chimafunsa kuti ukhululuka liti. Chisoni cha kwa Mulungu chimadzipereka chokha, foni iyi, malipiro anga awa, ndipo sichiikira wolakwiridwa tsiku lomaliza kulira.

Namwino_wa_usiku
Pa ndondomeko ya ankhoswewo muikepo chipatala, ndipo chibwere msanga. Onse awiri akayezetse HIV, chindoko ndi matenda ena opatsirana pogonana. Zotsatira zoyamba zikakhala zabwino si mapeto, chifukwa kachilombo kolowa kumene sikaoneka nthawi yomweyo. Abwereze pakatha miyezi 3 kuchokera tsiku lomaliza limene wolakwayo anagona kunja, ndipo pa nthawi imeneyi adziletse kapena agwiritse ntchito kondomu. Ngati wolakwiridwa wagona ndi mnzakeyo masiku atatu apitawa ndipo pali chiopsezo, alipo mankhwala a PEP oteteza kuti asatenge HIV, oyamba asanathe maola 72 n'kumwa masiku 28. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asadikire n'komwe, chifukwa HIV ndi chindoko zimafika kwa mwana. Mkulu wa mpingo wouza mayi kuti usamukanize mwamuna wako, 1 Akorinto 7:5, asanayezetse, akuika moyo wa munthu pachiswe.

Tsokonombwe
Koma kuika zofunika zonsezi si kukhululuka ndi dzanja limodzi? Mfumu ya pa Mateyu 18 inangofafaniza ngongole.

MkuluWaMpingo58
Inafafaniza matalente 10,000, pamene kapoloyo anakanika kufafaniza madinari 100. Talente imodzi ndi madinari 6,000, ndiye ngongole yoyambayo inali yaikulu maulendo 600,000. Phunziro lake ndi loti wokhululukidwa asakanyange mnzake pakhosi. Koma palibe pamene mfumuyo inamubwereketsanso matalente ena 10,000 m'mawa mwake. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera, Aroma 12:19, kusamufunira zoipa, kusamuipitsa kwa ana. Zimenezi wolakwiridwa amachita yekha pamaso pa Mulungu, ndipo kawirikawiri amazichita mobwerezabwereza. Kuyanjananso kumafuna anthu awiri. Luka 17:3 ikuti akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Aroma 12:18 ikuti ngati n'kutheka, monga momwe mukhoza inu. Paulo ankadziwa kuti nthawi zina sizitheka.

Kadziwotche
Nanga mwana wobadwa kunjako? Deuteronomo 23:2 ikumutsekera kunja mpaka mbadwo wa 10.

Loya_wa_pa_Khonde
Za ndimeyo ayankhe a Chigiriki. Za boma ndi izi. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana mmene anabadwira. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limapatsa kholo udindo wosamalira mwana wake, ndipo khoti lingathe kulamula ndalama za mwezi ndi mwezi. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limamuwerengera mwana wotere pakati pa ana a malemu. Choncho pangano loti ndakukhululukira bola mwana uja usamuthandize silingaime pa khoti. Chanzeru n'kugwirizana kuchuluka kwa ndalama, mkazi wa m'nyumba akudziwa, ndipo zizidutsa kwa nkhoswe kapena pa foni pamene pamatsala umboni, osati bambo kukapereka yekha madzulo. Pa kusudzulana, lamulo la maukwati la 2015 limayang'ana ngati banja lasweka mosatheka kukonzanso, ndipo chigololo ndi chimodzi mwa zimene khoti limaganizira. Komanso kuvula munthu, kumumenya kapena kumwaza zithunzi zake pa WhatsApp chifukwa mwamugwira, pamenepo wopalamula mlandu ndinu.

Mphunzitsi_wa_Chigiriki
Deuteronomo 23 ikunena za msonkhano wa Israele, ndipo mutu womwewo ukutsekeranso Amowabu ndi ofulidwa. Koma Rute Mmowabu ndi agogo a Jese, bambo ake a Davide, Yesaya 56 ikulonjeza malo kwa ofulidwa, ndipo mdindo wofulidwa wa ku Etiopiya anabatizidwa pa Machitidwe 8. Yefita, mwana wa mkazi wadama amene abale ake anamuthamangitsa, ali pa Ahebri 11:32 pakati pa ngwazi za chikhulupiriro. Perezi, wobadwa mwa Yuda ndi mpongozi wake Tamara, ali mu mzere wa Yesu. Bambo wothawa mwana wotere akumane ndi 1 Timoteyo 5:8.

Gogo_wa_Mvano
Chimene chimatipweteka amayi ndi chilango cha mpingo. Mtsikana mimba imamuulula, amaimitsidwa Mgonero. Mwamuna alibe mimba, akupitiriza kusonkhetsa chopereka. Akakhala wa maudindo, amangomusamutsa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

MkuluWaMpingo58
Agogo mwalasa, ndipo kumeneko ndi kubwereza tchimo la Afarisi a pa Yohane 8. 1 Timoteyo 5:19-21 ikuti mlandu wa mkulu ulandiridwe pa mboni 2 kapena 3, koma ukatsimikizika adzudzulidwe pamaso pa onse, popanda tsankho. Mtsogoleri chilango chake n'choonekera kuposa cha mkhristu wamba. Ku gome la Ambuye wolapa amabwerera. Ku guwa ndi nkhani ina, chifukwa 1 Timoteyo 3:2 ndi 3:7 zimafuna munthu wopanda chitonzo, wa mbiri yabwino ngakhale kwa akunja, ndipo zimenezo sizibwera ndi misozi ya Lamulungu limodzi.

Koma chilango chikhalenso ndi polekezera. Pa 1 Akorinto 5 Paulo akulamula kuchotsa munthu wadama. Pa 2 Akorinto 2:6-8 akunena za wolangidwa kuti chilango chakwana, mukhululukireni ndi kumutonthoza, angamizidwe ndi chisoni. Mpingo wakale unalimbana nazo zimenezi. Callistus, bishopu wa ku Rome kuyambira 217 mpaka 222, anadzudzulidwa ndi Hippolytus chifukwa cholandiranso achigololo olapa. Msonkhano wa ku Ancyra wa 314 unaika zaka 7 za kulapa, Basil anaika zaka 15. Lero ndi miyezi, malinga ndi mpingo. Kutalika kwake Baibulo silinatchule. Chimene linatchula ndi cholinga, Agalatiya 6:1, kubweza munthu ndi mzimu wofatsa. Wodulidwa amene palibe mkulu wamuyendera ngakhale kamodzi sanalangidwe, watayidwa.

Nasibeko
Apa ndiye ndamva. Latsala limodzi. Amene sanagwidwe, chibwenzi chinatha zaka zapitazo, analapa kwa Mulungu. Auze mnzake wa m'banja?

KatekisitiWaKuMudzi
Tchimo aulule kwa wansembe, ndipo wansembe sangaulule kwa wina aliyense, kanoni 983. Kuuza mkazi kapena mwamuna si lamulo loti akhululukidwe. Nthawi zina kuulula kotere ndi kungotula katundu wako pamutu pa wosalakwa.

MkuluWaMpingo58
Apa ndiye tisiyana, a Katekisiti. 1 Akorinto 7:4 ikuti thupi la mwamuna mwini wake ndi mkazi. Chinabedwa ndi chake, ndiye mwini asadziwe? Miyambo 28:13 ikuti wobisa zolakwa zake sadzaona mwayi. Davide anabisa mpaka mwana anabadwa, ndipo Salimo 32 ikufotokoza mmene mafupa amakalambira munthu akakhala chete.

KatekisitiWaKuMudzi
Salimo 32:5 akuulula kwa yani, akulu? Kwa Yehova.

Nkhoswe_Yokalamba
Pali malo atatu pamene kubisa sikutheka: pali mwana, pali matenda, kapena pali wachitatu wodziwa amene angadzanene. Kumva kwa mwini wake n'kopweteka, koma kumva pa maliro mwana wachilendo atabwera ndi amalume ake kudzalira bambo n'koposa. Kunja kwa atatuwa, asaulule usiku pa bedi chifukwa chikumbumtima chamutentha. Ayambe wakamba ndi mbusa kapena nkhoswe yosunga chinsinsi, asankhe tsiku ndi malo, ana atapita kwina. Ndipo ngati mnzakeyo ndi wa manja opepuka, pakhale munthu wachitatu pa khonde.

Namwino_wa_usiku
Ndipo asanapite kwa mbusa kapena kwa nkhoswe, adzere kaye kuchipatala. Yankho la funso la amayi Nasibeko nthawi zina limatuluka m'kachipinda koyezera magazi, pakatha mphindi 20.